Injini ya Kagalimoto Kathu

Kagalimoto kathu kali pomwepo mpaka lero, pansi pa mtengo wa mango kwa amayi, katakhala pa njerwa. Nkhuku zimaikira mazira pampando wakumbuyo, pomwe ndinkakhala nditafungatira mwana wanga tikamathamangira kuchipatala. Mukatsegula boneti mupeza dzenje lokhalokha, mawaya ali lendelende ngati matumbo a chambo chotumbula. Injini yake ili kunyanja ku Chembe, ikusangalatsa alendo mumchenga.

Kagalimotoko anatumiza ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni. Sanatumize kuti tizinyadira pamudzi. Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi chifuwa cha mphumu, ndipo mudzi wathu uli patali ndi msewu wa tala wopita pa boma la Mangochi. Njira yotulukira ndi mchenga wokhawokha. Chifuwa chikamugwira mwanayu, pakhosi pake pamalira kamluzu, nthiti zimalowa m'kati, milomo imada. Mankhwala opopera m'kamwa amathandiza, koma tsiku lina amakanika, ndiye pamafunika makina a kuchipatala, msangamsanga. Kwathu kuno ana a mlongo mwini wake ndi malume, choncho achimwene atamva anangoti, "Chemwali, mbumba ndi yanga imeneyo. Galimoto ikubwera, alamu aziyendetsa."

Amuna anga ndi amakanika, amawotchereranso zitsulo. Manja ali nawo, pamenepo sindingawanamizire. Koma ndi mkamwini pamudzi pathu, ndipo chinkawaluma n'choti nyumba ndi ya kwa akazi, mtengo wa mango ndi wa kwa akazi, ngakhale galimoto yomwe akuyendetsa ndi ya alamu awo. Tsiku lina anaitanidwa ku Chembe kukakonza jenereta pa loji ina. Kumeneko anaona galimoto yopanda thupi, mapaipi okhaokha ndi matayala akuluakulu, ikukwera milu ya mchenga ngati mbuzi. Anati dzina lake ndi bagi. Anabwera kunyumba maso ali gwa, ngati munthu woti waona mkazi wina.

Anayamba kutola zitsulo: mapaipi a mjigo wakufa, matayala a pikapu, mipando ya minibasi yomwe inachita ngozi. Anawotcherera mpaka chinthucho chinaima pabwalo, ndipo anthu pamudzi anachitcha Mafupa. Cholinga chinali choti aziyendetsa alendo ku Chembe. Chinatsala ndi injini basi.

Nkhani ya injiniyo inakambidwa Lachisanu lina atachoka ku mzikiti. Anakhala atatu pamkeka pansi pa mango: amuna anga, mnzawo wa chigayo, ndi wina wokonza injini za maboti. Ine ndinabwera ndi tiyi.

"Tengani injini ya chigayo changa chakale chija," anatero wa chigayo. "Ya dizilo ija siifa."

"Iwe, ine ndikufuna galimoto, osati mtondo," anayankha amuna anga. "Kulemera kumene kuja? Ititimira mumchenga mpaka m'khosi, alendo azituluka ali mbuu ngati akuchokera kogayitsa."

"Nanga ya njinga yamoto?"

"Azungu onenepa aja, ndi injini ya kabaza? Komanso ilibe giya yobwerera m'mbuyo. Ukalakwitsa njira uziwauza kuti tsikani mukankhe?"

Wa maboti uja anaseka mpaka tiyi anamutsamwa. "Ikani yanga ya boti, bola muziyenda ndi ndowa ya madzi kumbuyoko kuti iziyesa ili panyanja."

Kenaka amuna anga anatulutsa foni. "Mayi a mwana, tabwerani kuno ndi sukulu yanuyo. Tatiwerengerani zomwe alemba azungu apa."

Ndili ndi satifiketi ya za ulembi wa mu ofesi. Ndinaitenga ku koleji, ndipo chiitengereni imangogona musutikesi, ntchito sinapezeke. Tsiku limenelo kanali koyamba kuti amuna akuluakulu asunthe pamkeka kundipatsa malo. Ndisabise, mtima wanga unakoma. Ndinakhala pansi, ndikuwerenga Chingerezicho mokweza kenaka kumasulira, pang'onopang'ono ngati aphunzitsi. Analemba kuti injini yabwino pa bagi ndi yopepuka, ya petulo, yolumikizana kale ndi giyabokosi yake, monga za timagalimoto ting'onoting'ono tokoka ndi matayala akutsogolo. Umaizula yonse pamodzi n'kukaikhazika kumbuyo kwa mipando.

Ndili m'kati momasulira ndinaona makosi onse atatu akutembenuka. Kagalimoto kathu kanali kataima pomwepo, pamthunzi womwewo. Ndinazindikira chomwe pakamwa panga pankanena, komabe ndinamaliza mpaka kumapeto, chifukwa mawu anga ankandikomera m'makutu.

"Imeneyo ayi," ndinatero nditaika foni pansi.

"Aaa, kodi alipo wanena kanthu?" anatero amuna anga akuseka. Anzawo aja anayang'ana m'makapu mwawo.

Sanakangane nane. Anadziwa komwe kuli mwini mawu. Loweruka lake anaimbira achimwene foni yoonana nkhope, n'kuzungulira nayo Mafupa uku akuonetsa paliponse pomwe anawotcherera.

"Eee, alamu, ndinu injiniya!" ndinamva achimwene akufuula. "Zimenezi ngakhale kuno ku Joni angakulembeni ntchito."

"Chatsala ndi mtima wake, alamu. Ndimati ndibwereke injini ya kagalimoto kaja, mwera ukatha ndibwezera. Ndipo kwa mwanayu ndiye bwino. Kagalimoto kaja kamatitimira mumchenga, koma iyi ingouluka."

Zoti kankatitimira zinali zoona, kanatiterapo, anthu n'kutikankha. Koma kankakhala pakhomo. Ndinalanda foni ija m'manja mwawo, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo.

"Achimwene, tamverani. Mwana amabanika nthawi ya mwera, kukazizira, fumbi likamauluka. Ndi nthawi yomweyo alendo amadzaza ku Chembe. Bagi idzakhala kumeneko, ine ndidzakhala kuno ndi mwana."

"Chemwali, za zitsulo tisiyireni amunafe. Inshaallah mwana sadwala."

Ndinapita kwa amayi ndikulira. Iwo ankasankha usipa palichero, sanadzutse ndi mutu womwe. "Mwini mbumba wanena, iwe ndiwe ndani? Komanso mkamwini ukamamumana chilichonse amanyamula chikwama. Ukufuna ulere wekha mwanayo?"

Injiniyo anaizula m'mawa mwake. Anamangirira tcheni panthambi ya mango, amuna aja n'kumakoka, injini ikukwera pang'onopang'ono, oyilo wakuda akudontha mumchenga ngati mbuzi yozingidwa kumene. Ine ndinaima pakhonde mwana ali kumbuyo. Mpweya wake ndinkaumva pakhosi panga, wofunda, woyenda bwino, ndipo ndinkangowerengera m'mtima kuti mwera watsala pang'ono.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'choti inatheka. Ikanakanika bwenzi atabwezera. Koma Mafupa analira kamodzi n'kamodzi, anazungulira bwalo la mpira fumbi lili kobo, mudzi wonse ukuthamangira pambuyo. Poyamba amuna anga ankabwera kunyumba tsiku lililonse. Kenaka anati petulo akungothera panjira, alendo enanso amafuna kunyamuka m'mamawa. Anayamba kugona konko.

Ine tulo ndiye tinatha. Mwana akangotsokomola kamodzi, ndinkaika khutu pachifuwa chake mpaka iye kumandikankha. Amayi ankati ndine wamantha ngati nkhuku yoona mthunzi wa kabawi.

Tsikulo linafika m'mawa, mwera ukuwomba mpaka zitseko kumenyeka. Kamluzu kaja kanayamba. Ndinamupopera mankhwala, osasintha. Ndinapoperanso. Ndinaimbira bambo ake, foni inangoitana osayankhidwa. Pa bagi munthu sumva kanthu, injini imakhala ikukuwa kumsana kwako. Ndinabereka mwana n'kuthamanga. Mukudziwa komwe ndinathamangira? Ku kagalimoto. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo monga mwa masiku onse, nkhuku n'kuulukira kumaso kwanga. Ndinaima pamenepo chitseko chili m'manja, mutu utaima.

Wa kabaza wa njinga yakapalasa ndi amene ndinamupeza. Mumchenga njinga siipalasika, choncho iye ankakankha njinga, ine ndikuthamanga pambali pake, mwana kumbuyo akukoka mpweya ngati akuyamwa pa kabowo ka singano. Pouma tinkakwera, pamchenga tinkatsika. Pa tala tinapeza minibasi, ndipo kondakitala ankafuna aziima paliponse kutola anthu, mpaka mayi wina wa dengu la nsomba anamenya denga. "Adalaivala, simukumumva mwanayu? Mukaimanso, maliro ake mukanyamula ndinu!" Sinaimenso.

Kuchipatala namwino anandilanda mwana m'manja. "Amayi, mumachedwa kuti? Mwana woterewu sitidikira naye." Ndikanati chiyani, kuti injini ili kokasangalatsa alendo? Anamuveka chophimba kumphuno, ine n'kukhala pansi pasimenti kuyang'ana nthiti zake. Zinatenga nthawi kuti milomo ibwerere mtundu wake. Anapulumuka, alhamdulillah.

Masana ndinamva kulira kwa injini kugeti. Ndinaizindikira ndisanaione, inali yathu yomwe ija. Pawindo ndinaona a kabaza, ogulitsa nthochi ndi odikirira odwala atazungulira Mafupa, ena akujambula ndi mafoni. Amuna anga analowa fumbi lili thupi lonse, maso ali psuu. Mantha anali nawo enieni, anafikira kugwira phazi la mwana.

"Ikanakhala pakhomo ikanakufikitsani nthawi yomweyo," anatero motsitsa mawu.

"Ikanakhala," ndinayankha.

"Mwera ukatha ndibwezera, mayi a mwana. Wallahi."

Mwera unatha. Anati mawaya ena anawadula, zomangira injini anazisintha, kubwezera pafunika nthawi. Achimwene akuti adzatumiza injini ina akapeza mpata. Matayala a kagalimoto anaphwa, kenaka wina anawabwereka.

Titatuluka m'chipatala sindinabwerere kumudzi. Ndimakhala pa boma pano, m'kachipinda kwa azakhali kuseri kwa msika, pomwe ndikabereka mwana ndimafika kuchipatala wapansi mpweya usanandithere. Kumudzi akuti sukulu inandipatsa matama, ndathawa banja. Taonani nkhani yake: mwini mudzi ndili kobisala kwa eni, mkamwini ndi amene watsala ndi nyumba yanga ndi mango anga.

Amabwera kudzationa, sanatitaye. Mwana akangomva kulira kuja amataya chilichonse, kuthamangira kumsewu akufuula, "Mafupa! Mafupa! Ababa, ndikwere!" Ndimamumanga kansalu konyowa kumphuno, mankhwala opopera ndimaika m'thumba la bambo ake, n'kuwauza kuti asapitirire pa mlatho wa pa boma pano. Akanyamuka ndimaima pamsewu pomwepo, khutu lili tcheru, kutsatira injini ija mpaka itabwera naye.