Moyo Womaliza wa Tonde

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene makina a gemu analowa m'nyumba mwathu. Ndikuti nyumba, koma chinali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ku Primrose, m'dziko lakunja kumene makolo athu anapita kukafuna ntchito, chogawidwa pakati ndi katani yamaluwa. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Alberton, ndipo tsiku lina adona awo, pokonza m'galaja, anawapatsa katoni ya zinthu zimene ana awo anali atasiya kugwiritsa ntchito. Pansi pa majuzi akale panali kabokosi kotuwa, kaseti imodzi ndi padi imodzi, kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri. Padi yachiwiri inali itatayika kalekale.

Zolemba za pa kasetiyo zinali za chilankhulo chimene panalibe ndi mmodzi yemwe pabwalo lathu wotha kuchiwerenga, choncho ine ndi mlongo wanga Tadala, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tinapereka tokha mayina. Mwini nkhani m'gemuyo anali kambuzi koyera ka mpango wobiriwira m'khosi, ndipo tinamutcha Tonde. Ntchito yake inali kuthamanga kuchokera kumanzere kupita kumanja, kulumpha maenje, kukwera miyala yolendewera m'malere, ndi kugunda ndi nyanga chilichonse chomutchinga. Ankatolera timabelu, ndipo tikakwana makumi asanu ankapatsidwa moyo wina. Panjira panali nkhanu zoyenda cham'mbali, akadzidzi ogwetsa miyala, ndi matabwa amene ankathyoka ukachedwapo. Tiana ta mbuzi tinali titabedwa, ndipo wakubayo anali chimbalame chachitsulo chodikira kumapeto kwa siteji yachisanu ndi chitatu. Abambo atachiona pa chithunzi cha kaseti anaseka.

"Ameneyu ndi foromani wa kuntchito kwathu ku Wadeville," anatero. "Taonani maso akewo. Kwangotsala chipewa."

Dzina linakhala lomwelo: Foromani.

Abambo ankalondera nyumba yosungiramo katundu, ndipo masana ankagona kuseri kwa katani. Motero tinkasewera titatsitsa mawu a wailesi ya kanema, titakhala pansi pafupi ndi galasi lake, kanyimbo ka gemu kakumveka ngati udzudzu. Mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki yotentha ndi polishi wa pansi, ndimabwerera m'chipinda chimenecho.

Popeza padi inali imodzi, sabata yoyamba inatha ndi ndewu. Amayi anaika lamulo limene silinasinthenso: Tonde akafa, padi ipite kwa mnzako. Panalibe kudandaula kuti batani linakakamira kapena kuti wina anakutsokomolera. Moyo umodzi, munthu mmodzi.

Tinkasewera mosiyana kwambiri. Ine ndinkathamanga, ndipo ndinkadziwa kulumpha maenje awiri pakamodzi, zimene zinkachititsa ana a pabwalo kusuzumira pawindo n'kumati, "Eish, uyadlala lo mfana!" kutanthauza kuti mnyamatayu amatha kusewera. Tadala ankachedwa. Ankaima m'mphepete mwa dzenje n'kumayang'ana thabwa likupita ndi kubwera, akuwerenga chapansipansi, lilime lili pakona pa mlomo. Kawirikawiri ankagwabe, chifukwa zala zake zinali zazifupi ndipo sizinkafika bwino pa mabatani awiri nthawi imodzi. Koma ndiyenera kunena chilungamo: khomo lobisika la m'siteji yachinayi, limene linali ndi timabelu tambirimbiri, analipeza ndi iyeyo, pa malo amene ine ndinali nditadutsa kosawerengeka.

Amene akusewera gemu imeneyi lero sangamvetse vuto limene tinali nalo. Tonde wakhala akutuluka m'mitundu yatsopano zaka zonsezi. M'gemu yachiwiri anamupatsa mnzake, kankhosa kodekha kolumpha patali. Kenako dziko lake linasiya kukhala lathyathyathya, moti tsopano amatha kutembenuka n'kuyenda mbali iliyonse. Ndipo ana anga amamusewera pa foni, pomwe ukagwa umangodzukira pamalo pomwepo. Yathu ija sinkasunga pamene wafika. Miyoyo ikatha, kapena magetsi akathima, unkabwerera pachiyambi penipeni. Chifukwa cha zimenezi, ngakhale tinasewera miyezi isanu, sitinapitirirepo siteji yachisanu ndi chimodzi. Amayi akamafika madzulo ankafuna soketi, ndipo ulendo wa Tonde unkathera pomwepo.

Kenako panabwera nkhani ya Tadala. Sukulu zapafupi zinali zitamukana kawiri chifukwa analibe mapepala a m'dzikolo; ine ndinali nditalowa kale zinthu zisanakhwime. Makolo athu anakambirana masiku angapo, ndipo anagwirizana kuti apite kwa azakhali ku Chiradzulu akayambe sukulu kumeneko. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu ankanyamuka pa basi Loweruka m'mawa, ndipo anavomera kumutenga. Tadala sanalire atauzidwa. Anangofunsa ngati ku Chiradzulu kuli magetsi. Atamva kuti kwa azakhali kulibe, anati:

"Ndiye ndikufuna ndibweze tiana tija kwawo ndisanapite."

Linali Lachitatu. Ndinawerengera kuti titasewera masana atatu osazimitsa makina, tikanafika. Njira yake inali kuimitsa gemu, kuthimitsa wailesi ya kanema yokha, n'kusiya kabokosi kakuyaka usana ndi usiku. Choopsa chinali simbi ya amayi, chifukwa ikangolowa pa soketi magetsi a pabwalo lonse ankagwa. Ndinkayembekezera kuti amayi akana. M'malo mwake anapinda yunifolomu ya abambo ndi malaya anga a sukulu, nazinyamula m'thumba pa takisi kukasitira ku Alberton. Tiyi ankaphika pa chitofu cha parafini. Abambo, ataona kuti adaputala yatentha kwambiri, anaikhazika pa njerwa kuti isawotche kapeti. Anthu akuluakulu awiri, otopa ndi ntchito, anasintha moyo wawo masiku atatu chifukwa cha kambuzi ka pa kanema. Panthawiyo ndinkaganiza kuti akuchitira gemu.

Lachisanu cha m'ma folo koloko masana tinafika kwa Foromani tili ndi miyoyo inayi. Chikwama chachikulu chamizeremizere chinali chitamangidwa kale pafupi ndi chitseko. Amayi anali asanaweruke, ndipo abambo anali kuseri kwa katani.

Malo ake anali mlatho wopapatiza, pansi pake pali moto. Chimbalamecho chinkatsika mwaliwiro kuti chikukankhire m'motomo, ndipo unkayenera kuchigunda katatu. Moyo woyamba unali wanga, ndipo ndinautaya posachedwa chifukwa chothamangira. Wachiwiri unali wa Tadala. Sanayese n'komwe kugunda. Anangolumpha ndi kuzemba, akuwerenga, mpaka phiko linamukhudza nagwa.

"Amatsika katatu, kenako amatera n'kupuma," anatero akundipatsa padi. "Muzimudikira apume, achimwene."

Ndinatsatira zimenezo pa moyo wachitatu, ndipo ndinagunda kawiri. Kachitatu ndinafulumira pang'ono. Tonde anagwera m'moto, ndipo pakona ya kanema panatsala nambala wani.

Tadala anatambasula dzanja.

Ndikukumbukira bwino zimene zinadutsa m'mutu mwanga, chifukwa zinali zolongosoka. Moyo unali umodzi. Ine ndinali nditagunda kawiri, iye sanagundepo. Akagwa, masiku atatu apita pachabe, ndipo sadzaona tiana tija. Choncho kumukonda kwenikweni kunali kusewera m'malo mwake. Mfundo iliyonse inali yoona, ndipo ndinkadzimva ngati mkulu wanzeru.

"Uwu ndisewera ndine," ndinatero. "Iwe ugwa."

"Ndi nthawi yanga, achimwene."

"Ndikuchitira iwe wemwe. Taleka."

Anagwira chingwe cha padi. Ndinamasula zala zake chimodzichimodzi, ndipo sizinavute kumasula. Kenako ndinatembenukira ku kanema.

Sindinasewerepo bwino ngati mmene ndinasewerera nthawi imeneyo. Ndinawerenga monga anandiuzira, ndinadikira, ndinagunda. Kachitatu Foromani anasweka zidutswazidutswa, khola linatseguka, ndipo tiana ta mbuzi tinatuluka tikudumphadumpha kutsika phiri lobiriwira, Tonde ali pambuyo. Kanyimbo kanasintha, kanakhala kodekha, kamene tinali tisanamvepo.

"Tadala, taona! Tiana tatuluka!"

Anali atakhala pa chikwama chija, atafulatira kanema, akuyang'ana chitseko. Ndinamuitananso, ndinamukoka phewa, koma sanacheuke. Zilembo zachilendo zinakwera pa galasi, kenako gemu inabwerera yokha pachiyambi, Tonde ataima pa udzu wa siteji yoyamba ngati palibe chachitika.

Katani inasuntha. Abambo anali atakhala pa bedi akumanga nsapato za ku ntchito, ndipo ndinazindikira kuti anali maso nthawi yonseyi.

"Wapambana?" anafunsa.

"Eya, ababa."

"Wagonjetsa ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za miyoyo ndi za kugunda kawiri. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, pakuti sanali munthu wodula mawu.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Koma amayi ako sananyamule zovala pa takisi kuti iwe uphe mbalame. Mwanayu anati akufuna abweze tiana. Sanati akufuna aonerere."

Sanandimenye. Anavala jekete, anagwira Tadala pamutu, natuluka kukakwera takisi.

Ndinamupatsa padi, ndikumuuza kuti tiyambirenso, asewere miyoyo yonse yekha. Anaiyang'ana, nandifunsa modekha kuti kufika kwa Foromani kumatenga masiku angati. Tonse tinkadziwa yankho. Amayi atafika anaona nkhope zathu, sanafunse zambiri, anazula adaputala naikapo ketulo. M'mawa mwake tinamuperekeza ku basi. Anandibayibitsa pawindo monga anachitira kwa aliyense, ndipo panapita zaka zisanu ndi chimodzi tisanaonanenso.

Ndakhala ndikuisinkhasinkha nkhaniyi kuyambira pamenepo, makamaka tsopano pamene ndimayang'anira achinyamata ophunzira ntchito ya zamagetsi, ndipo manja anga amayabwa ndikaona wina akuchedwa ndi waya. Cholakwa changa sichinali m'kuwerengera. Mwina Tadala akanagwadi. Cholakwa chinali chakuti ndinasokoneza zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana ukakhala kuti ndiwe waluso: kuti ntchito ithe, ndi kuti mwini wake aichite. Ndipo pansi pa mfundo zanga zolongosoka zija panali chinthu china chimene sindinkafuna kuchiona, chakuti inenso ndinkafuna kukhala amene wagonjetsa Foromani.

Tadala ndi mphunzitsi tsopano, ndipo anakhazikika kumudzi. Chaka chatha, tikucheza pa foni za ana athu, ndinalimba mtima n'kumupepesa, ndikuganiza kuti mwina anaiwala. Anaseka kwa nthawi yaitali.

"Mukadali nazobe zimenezo, achimwene? Ndikanagwa ndithu, musadzivute."

"Ndiye sindinalakwe kwenikweni?"

"Munalakwa," anatero, kuseka kutachepa. "Ndikanagwa ndekha."

Lero ndikumvetsa kuti mwana amene ankachotsedwa kwa amayi ake, popanda womufunsa maganizo, anali atatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene chinali m'manja mwake sabata imeneyo. Kupambana kapena kugwa, zonse zinali zake, ndipo ine ndinamulanda zonse ziwiri ndikuganiza kuti ndikumupatsa mphatso.