Ankadikira Ndigwetse Mphumi Pamkeka

Ena kwathu ku Lungwena mpaka lero amati ndinabwera ndi majini kuchokera ku Joni, koma Wallahi zimene ndikuuzanizi ndi zoona, ndipo ngati panali jini, ndi lomwe anandimangitsa nalo ukwati wa nikaha anthu akudya mpunga.

Mwamuna wanga ananditengera ku Joni titangokwatirana. Kuno mwamuna amakhala pachikamwini, akangokweza mawu amjomba ako, alongo a amayi ako, amva, nanga kumene kuja ukalira akumva ndani, mapepala ulibe, chilankhulo sukuchidziwa, apolisi ukuwaopa kuposa wokumenyayo? Munthu uja anali ndi nthawi yake yoikonda, nthawi yoswali. Ankadikira ndigwetse mphumi pamkeka, ndiye n'kundiponda m'nthiti, ati ndikumunenera kwa Mulungu. Poti swala, pemphero lathulo, sitidula pakati, ndinkangoluma mano n'kumaliza.

Nditathawa n'kufika kumudzi ndinkayesa zatha. Tulo osabwera, chakudya osalowa, koma choopsa chinachitika Lachisanu lina mumzikiti, kumbali ya azimayi. Titangowerama ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ndipo zotsatira zake sindizikumbukira, ndinangozindikira anthu akukuwa, manja angawa ali pakhosi pa mayi wina wachikulire amene anangochedwa kufika, maso ake atatong'oka. Ndikanapha munthu wosalakwa, ine woopa ngakhale kuponda mphemvu.

Abale anakhala pansi n'kugamula kuti mankhwala ake ndi kubwerera kwa mwamuna, ati banja ndi kupirira. Zimandipsetsa mtima mpaka lero! Nyumba ya malata imene mkamwiniyo anawamangira amayi inali itawatseka pakamwa onse. Amene anandipulumutsa ndi mayi yemwe ndinamukanyanga uja. Anabwera kunyumba mawu atasasa, n'kundifunsa chimene m'bale aliyense sanafunse, kuti kodi ankandichita chiyani ndikawerama. Ndinalira ngati mwana, n'kuulula zonse. Iyeyo ndiye anawauza amjomba maso ndi maso kuti akandikweza basi yobwerera ku Joni aguliretu sanda yokulungira mtembo wanga, ndipo mawa lake anandiperekeza kuchipatala kwa othandiza odwala maganizo.

Lero ndimaswali, koma pamzere womaliza, kumbuyo kwanga kukhale khoma basi. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mabala apathupi amapola, koma am'mutu umawoloka nawo malire. Inu makolo, mwana wanu wamkazi akabwera kuchokera kunja ali duu, akudzidzimuka ndi mapazi a munthu, mufunseni kaye musanamubweze. Ena amene munawabweza aja anabwerera m'bokosi.