Buku Lilibe Mapiko

Kachiwiri konse, dzina lake silinapezeke papepala la opambana. Anaima pakhomo la ofesi, tsache lili m'manja, kuwerenga mayina kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, ngati kuti dzina lingabisale.

Mayi ameneyu ankasesa pamalo ena osungirako zachilengedwe, koma mtima wake wonse unali pa ntchito yoperekeza alendo odzaona mbalame. Lamulo linali lakuti mayeso a ntchitoyo munthu amayesa katatu basi. Ukagwa kachitatu, iwalako.

Musaganize kuti anali waulesi, ayi ndithu. Buku la mbalame ankayenda nalo ngati mwana, moti anzake anamutcha Nabuku. Vuto lake linali limodzi. Mbalame ikangotera, iye maso pabuku, kuvundukula masamba. Pomadzutsa mutu, mwini wake wapita kalekale, nthambi yokha ikugwedera.

Tsiku limenelo anafika kunyumba maso ali psuu. Bambo ake, telala wakale amene maso anali atachita khungu, anali pakhonde pafupi ndi makina osokera. Anali atasiya kusoka, koma makinawo ankawapukutabe tsiku ndi tsiku. Mwana wawo anamudziwa ndi kayendedwe.

"Mapazi akulemera bwanji lero?"

"Zakanikanso, Bambo. Ine kaya ndinabadwira tsache."

"Iwe, usandinyoze. Ine ndinabereka munthu, tsachelo unakalipeza konko. Tandiuza, mbalame yakugwetsayo inavala chiyani?"

Nabuku anali asanaiyang'ane n'komwe.

"Zaka makumi anayi ndikusoka," anatero bambowo, "kasitomala akalowa sindinkathamangira tepi. Ndinkamuona kaye: msinkhu, mapewa, kaimidwe. Tepi inkangobwera kudzavomereza. Buku lakolo lilibe mapiko, mwana wanga. Likudikira."

Kuyambira mawa lake, asanapite kukasesa, awiriwa ankakhala pakhonde. Bukulo bambo ankalikhalira, inde, kulikhalira kwenikweni! Mbalame ikatera pampanda, Nabuku ankaifotokoza ngati munthu wodzasoketsa. Kodi ikuposa mpheta? Ikuchepera njiwa? Mlomo ndi wokhuthala kapena woonda ngati singano? Imayenda kapena imadumpha?

Khwangwala anakhala bwana wa suti yakuda ndi kolala yoyera. Pumbwa anali wa chipewa chakuda, ndi kachigamba kachikasu kunsi kwa mchira, kamene bambo ankati telala wake anasowa nsalu.

"Nanga mchira anaudula bwanji?" ankafunsa motero.

Akakhala kuti sanauone, bambo ankangopukusa mutu. "Kasitomala wapita osayezedwa. Tidikire wina."

Masiku ena Nabuku ankapsa mtima, n'kufuna kulanda bukulo. Koma mungaisunthe nkhalamba itakhazikika? Miyezi isanu ndi umodzi inatha choncho. Pang'onopang'ono maso ake anaphunzira kudekha, ndipo ngakhale akusesa ankayeza aliyense wotera pafupi.

Tsiku la mayeso omaliza linakwana. Woyesa anatenga gulu lonse kupita kuthengo. Itafika nthawi ya Nabuku, kambalame kakuda bii kanatera panthambi youma.

"Mayi, ndi mbalame yanji iyo?"

Dzanja linathamangira lokha kuthumba kumene kunali buku. Analibweza dzanjalo. Kumbuyo anzake ankanong'ona kuti, "Mthengu, yophweka imeneyo." Koma iye anakweza magalasi oonera patali, n'kuyamba kuyeza kuchokera kumutu mpaka kumchira. Mbalame ija inauluka.

"Suti ndi ya mthengu, bwana, koma telala wake ndi wina," anatero. "Mchira wa mthengu ndi wamphanda, uwu angoudula pafupifupi mowongoka. Diso la mthengu ndi lofiira, ili ndi loderapo. Ndiloleni tsopano nditsegule buku."

Analitsegula mosathamanga, n'kuloza kambalame kodya ntchentche kofanana ndi mthengu, kamene kamapusitsa ambiri ongoyamba kumene. Woyesa anamufunsa kuti:

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

"Telala, bwana. Wosaona."

Sabata yotsatira dzina lake linali papepala, ndipo sanafunike kuwerenga kawiri.

Tsiku loyamba ntchito Nabuku anatulukira pakhonde atavala zovala za ntchitoyo, n'kuima chilili. Bambo anatchera khutu.

"Watera ndani?"

"Kasitomala, Bambo. Msinkhu wapakati, malaya obiriwira a matumba awiri, chipewa chachikulu, magalasi m'khosi."

Nkhalamba ija inatambasula manja, n'kupapasa kolala, mapewa ndi mabatani. Misozi inatsika, koma pakamwa sipanasinthe.

"Mkono uwu watalika. Bweretsa singano, ndikadali telala ine. Mwana wanga sangapite kwa alendo atavala za eni."

Anaupinda n'kuusoka mongopapasa ndi zala, ndipo msoko wake unakhota. Mpaka lero Nabuku amakana kuti wina auwongole. Alendo ongoyamba akafika ndi mabuku awo atsopano, amawauza mwaulemu kuti awaike kaye m'chikwama.

Inu amene mwagwa kawiri, amene mwayamba kunena kuti munabadwira tsache, imvani. Mwina khama muli nalo lokwanira, kungoti maso ali pabuku pamene mbalame ili panthambi. Dzutsani mutu, ndipo musanyoze wokhala pakhonde panu. Osataya mtima, abale anga. Ina ikauluka, ina itera.