Sandipepa pa Mbale za Amalume

Mayi atamwalira ndinaleredwa ndi amalume ku Maramba. Iwo anali atapuma kale pa ntchito ya njanji. Ali mnyamata, kampani inawatumiza ku Mangalande kukaphunzira za mainjini, ndipo anabwerako ndi katoni ya mbale za galamafoni imene ankaisunga pansi pa bedi. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankaitulutsa, n'kupukuta mbale imodzi ndi kansalu, n'kutsitsa singano mosamala ngati akuchotsa munga m'diso.

Nyimbo zake ankati ska. Malipenga, gitala lodumphadumpha, ng'oma zothamanga ngati zikuthawa galu.

"Nyimbo iyi kwawo ndi ku Jamaica, iwe," ankatero. "Anthu akuda anapita nayo ku Mangalande kukagwira ntchito m'mabasi ndi m'mafakitale, kenako inazilala. Ine pofika uko mafakitale anali akutsekedwa. Ana a anthu aja ndi ana a azungu, onse malova, anaidzutsanso n'kuiwonjezera liwiro ndi ukali." Akatero ankaloza timabokosi takuda ndi toyera tojambulidwa pakati pa mbale. "Ukuona? Wakuda ndi mzungu gulu limodzi, pomwe kunja mumsewu akugendana. Ine ndinavina nawo."

Ine ndinkangoti eee, maso pa foni.

Sukulu ndinaisiyira giredi naini, nditamenya mnzanga ndi mpando. Ndinapeza malo pa shedi ya ziboliboli ku Mukuni Park, msika wa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ntchito yanga inali kukwecha mvuu ndi njovu ndi sandipepa, kupaka polishi, nthawi zina kujambula mathithi pa timatabwa. Tsiku lina ndinabwera kunyumba ndi mtsikana amene ndinkamufunsira. Amalume anamulonjera bwinobwino, kenako akuti, "Mama, uyu wakuuzani ntchito yake? Amapukuta matako a mvuu."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira chitseko. Ine mutu unawira. Sindinadye tsiku limenelo.

M'mawa mwake, iwo atapita ku kiliniki kukatenga mankhwala, ndinasolola mbale zisanu ndi imodzi m'katoni muja. Kumsika ndinali nditaonapo wina akujambula pa mbale zakale, alendo n'kumagula zokakoloweka pakhoma. Ndinati tione ngati wopukuta mvuu alibe luso. Ndipo dzanja langa limadziwa lamulo limodzi lokha: usanapake penti, kwecha kaye kuti igwire. Ndinakwecha mbali imodzi ya mbale iliyonse mpaka timizere tonse titatha, posalala bwino. Sindinaganize n'komwe kuti nyimboyo imakhala m'timizeremo. Kapena ndinaganiza, sindikufuna kunama.

Ziwiri zinagulidwa tsiku lomwelo. Mkuja wake kunafika mzungu wachikulire, wadazi. Ananyamula imodzi, kuitembenuza, n'kuona timabokosi tija. Nkhope yake inagwa. Anayendetsa chala pa penti yanga n'kunena m'Chingelezi kuti nyimbo imene inali mbali imeneyo anaivina ali mwana wa sukulu. Anafunsa kumene ndinaipeza. Ndinati kudzala. Anapukusa mutu, ine n'kumukalipira kuti agule kapena achoke.

Mayi wina wa Chilozi, wogulitsa madengu pa shedi yoyandikana, analowererapo mokweza kuti onse amve: "Iwe, kudzala kuti? Si ni za ba malume ako izo? Amene anakulera?"

Mzungu uja anaika mbale pansi pang'onopang'ono n'kumapita. Ndinakulunga zinayi zotsalazo m'nyuzipepala, n'kuyenda wapansi kutsika msewu wa Mosi-oa-Tunya. Minibasi sindinakwere, ndinkafuna njira italike.

Amalume ndinawapeza pakhonde, katoni ili pamiyendo. Anali atadziwa kale. Ndinagwada, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa iwo, n'kuwapatsira phukusi lija. Anamasula, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mathithi wajambula bwino," anatero.

Bola akanandimenya khofi.

Anatenga imodzi n'kulowa nayo m'nyumba, ine ndikutsatira. Anaiika pa galamafoni, mbali ya penti pansi. Malipenga analira, ng'oma zinayamba, koma woyimba kunalibe.

"Mbali iyi ilibe mawu," anatero osandiyang'ana. "Mawu anali uko wakwechako."

Ndiye anayamba kuyimba okha, m'Chingelezi, phazi likugunda simenti. Ndime yoyamba inatuluka bwino. Yachiwiri anafika pakati n'kuima. Anabwereza mzere womwewo kawiri, kufunafuna wotsatira, osaupeza. Malipenga anapitiriza okha mpaka singano inafika kumapeto.

"Ziwiri zinazo zili kuti?"

"Zinagulidwa, amalume."

"Ndi anthu a dziko liti?"

"Sindinafunse."

Anagwedeza mutu, n'kuzimitsa galamafoni, n'kundiuza kuti ndikatseke geti chifukwa mbuzi za aneba zikulowa.