Siketi Itayamba Kukhwepa

Mayi a kunyumba kwanga ndi munthu wathupi. Ndalemba mwaulemu choncho poopa kuti mdzukulu wina angadzawawerengere. Anyamata a kabaza ku Zolozolo kuno akawaona akubwera, aliyense amawerama n'kumafinya tayala lake ngati laphwa. Komatu pamene ndinkawafunsira, ine nditangofika ku Mzuzu kudzakhoma madenga ndi Sitandade 5 yanga, anali kamtsikana ka ku Nkhata Bay kowonda ngati bango. Mphepo ikawomba ndinkachita kukagwira dzanja.

Zaka zitatu zapitazo anachita chizungulire akuchapa, n'kugwera pa beseni. Kuchipatala adokotala sanazungulire. Anati BP yakwera kwambiri, shuga nayenso ali pakhomo, ndipo thupi likapanda kuchepa chotsatira ndi sitiroko. Potuluka ndinawaseka mayiwo kuti sikelo ya boma yapempha tchuthi. Koma ndili ndi mnzanga wa pa bawo amene mkazi wake anafa mbali imodzi, ndipo ndikudziwa mmene nyumba imeneyo imakhalira chete.

Tinayamba nkhondo. Mchere wotsina ndi zala ziwiri, tiyi wopanda shuga, mafuta kadontho. Kondowole wawo wokondedwa uja, nsima ya chinangwa, anatsala wa Lamlungu lokha. M'mawa uliwonse tinkayenda kulowera ku Nkhorongo n'kubwerera, ngakhale kukuwaza kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa kalendala kaja. Iwo patsogolo, ine m'mbuyo ndi ambulera, ndikuwerenga ngati sajeni. Ndisaname, mkaziyu si waulesi. Pa chitunda ndine ndinkapempha kuti tipume.

Patatha miyezi iwiri siketi yawo yakuda ya ku tchalitchi inayamba kukhwepa m'chiuno. Lamlungu lina tikutuluka m'mapemphero, mnzawo wa m'kwaya anawagwira dzanja, n'kuwayang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Monire amama. Kweni mwaghanda chomene. Muli makora?"

Kughanda ndiko kuwonda m'Chitumbuka. Mayiwo anayankha kuti ali bwino, yewo, tinapita kwathu. Pofika mwezi wotsatira siketi ija inali itathinanso.

Zinachitika choncho katatu. Kuyenda sitinaleke, ndiwo zinali zosakoma monga mwa lamulo, koma thupi likangotsika pang'ono linkabwerera ngati mlendo amene waiwala chipewa. Kenako ndinayamba kupeza umboni. M'basiketi ya kumsika munkakhala nyuzipepala yonyowa mafuta.

"Kodi amayi, nyuzipepala ya lero nkhani zake zinali zonona?"

"Ndinakulungira matemba."

"Matemba a masiku ano akununkhira tchipisi."

Sanaseke. Ine ndinangoti ndi kususuka basi, ndipo mankhwala a kususuka ndi manyazi. Ndinawatcha mkazi wa amuna awiri, ine ndi mnyamata wa pa chiwaya. Ndinkawauza kuti ndikapala bokosi lawo ndidzafunika kubwereka matabwa kwa aneba. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudziluma lilime, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndikupulumutsa munthu. Mantha anga amatulukira m'nthabwala, ndinabadwa choncho.

Tsiku lina masana bawo inatha msanga chifukwa cha mvula. Ndinawapeza atakhala pa bedi, siketi ija ili pa miyendo, singano ali ataikamo kale ulusi. Inali itakhwepanso, kachinayi. Pambali panali mbale ya nthochi zophika ndi nyama yamafuta, yodzaza ngati ya munthu wochokera kumunda. Galasi la pakhoma linali litatembenuzidwa.

"Nanga galasi lalakwa chiyani?"

"Muli mwana wanu mmenemo," anatero.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anatisiya zaka zija matenda aja ankasesa achinyamata mankhwala asanafike. Anali atangoyamba ntchito yauphunzitsi. Nkhope yake inali ya mayi ake yeniyeni, mpaka kampata ka m'mano. M'nyumba mwathu sitinkamutchula kawirikawiri. Aliyense ankamusunga payekha.

"Masaya akangotsika, ndikadziyang'ana ndimaona iye," anatero. "Osati wa pa chithunzi chili pa balaza uja. Wa kumapeto uja."

Ndinakhala pansi. Iwo anapitiriza.

"Madiresi ake ndinkabweza ndine, ndi singano ngati iyi. Kubweza, pakapita masabata awiri kubwezanso. Diresi lobiriwira lija ndinalibweza mpaka matumba anakumana kumbuyo. Ndiye lero mukuti ndibweze yanga?"

"Mukanapereka kwa telala."

"Inu abambo, vuto si telala."

Anakankhira mbale ija patali pang'ono, kenako anaikokanso.

"Chakudya chinkamukana. Ndiye ndinkati, ine supuni, iwe supuni. Iye akadya imodzi, ine zitatu, kuti aone kuti n'chokoma. Chotsala ndinkamaliza ndine, inu mukabwera muone mbale yopanda kanthu, musangalale. Thupi ili ndi chakudya chake. Mumayesa linachokera kuti?"

Ndinkasangalaladi. Ndikukumbukira ndikulowa madzulo, utuchi uli m'mutu, kuona mbale yoyera n'kunena kuti lero mwana wadya, achira ameneyu. Masiku amenewo ndinkalandira ntchito iliyonse, ngakhale denga la khola la nkhuku, bola ndikhale pamwamba pomwe sindikumva kutsokomola. Amene anakhala pansi ndi mbale anali mnzangayu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka thupi lake osafunsa kuti linabwera liti.

Sindidziwa kupepesa bwino. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga supuni ina, n'kukhala pambali pawo.

"Mukutani?"

"Ndikuthandizani ntchito. Mbale iyi si ya munthu mmodzi, mwanayo anali wa tonse."

Anandiyang'ana ngati akufuna kundimenya ndi siketi, kenako anasendeza mbale pakati. Tinadya. Titamaliza ananditchulira zinthu zimene ndinali nditaiwala: kuti mwanayo ankadana ndi therere, kuti ankayimba molakwitsa koma mokweza. Tinaseka pang'ono, mphuno zikutuluka madzi.

Loweruka lotsatira ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi a m'kwaya. Ndinawauza kuti mkazi wanga akuwonda mwadala, molamulidwa ndi adokotala, ndipo aliyense wonena kuti mwaghanda adzandilipira nkhuku. Wina anafunsa kuti nanga tizinena chiyani. Ndinati muziti mwatowa, kutanthauza kuti mwakongola, ndipo likakhala bodza tchimolo lilembedwe pa ine. Mawa lake anthu asanu ndi awiri anawauza mayiwo kuti mwatowa, motsatizana ngati ana a sukulu. Anatembenukira kwa ine pomwepo.

"Mwawauza ndinu."

"Ine? Chitumbuka ndimachidziwira kuti?"

Sindinena kuti zonse zinatha. Siketi ija sanaibweze ndi singano mpaka lero. Amaigwira ndi mapini awiri, akuti mapini munthu ukhoza kuchotsa. Galasi masiku ena limayang'ana kukhoma, ndipo ndikaliona choncho sindifunsa. Ndimadziwa kuti kubwera mbale yodzaza, ndimangokatenga supuni yanga. Iwo amadya theka, ine theka, ndipo ndikamathamanga amandimenya pa dzanja.

Mwezi watha tinapitanso kuchipatala. Adokotala anayeza mayiwo, anayang'ana m'buku, n'kunena kuti BP yatsika ndithu, ngakhale ulendo ukadalipo. Kenako anandiyang'ana ine pamimba.

"Bambo, takwerani pa sikelo nanunso."

Ndinakwera. Adokotala anagwedeza mutu.

"Kodi inu mukudya chiyani kunyumbako?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anayankha ali chiweramire, akumanga bwino mpango wawo.

"Asiyeni adokotala. Akundithandiza ntchito."