Nkhuku ya a Nabanda

Mzungu wojambula nyimbo atafika kwathu ku Chisepo ndi makina ake, ine mphunzitsi wa mishoni ndinamumasulira. A Nabanda anaimba akusinja, kutukwana amesenjala a msonkho amene anamanga amuna awo ndi kuwatenthera nyumba.

Mzungu anandifunsa tanthauzo kuti alembe pa mbale ya nyimboyo. Ndinayang'ana nsapato zake, ndikuopa kuchotsedwa ntchito.

"Ndi yogonetsa mwana, bwana."

Analemba akumwetulira, osafunsanso kuti mwana amagona bwanji ndi ukali wotere.

"Mwawauza zonse, aphunzitsi?" anandifunsa a Nabanda. "Boma limve!"

"Zonse, mayi."

Anagwada, nandipatsa nkhuku yawo yomaliza. Ndinaidya ndithu, galu ine, mpaka kutafuna mafupa. A Nabanda anamwalira akudikirabe yankho la Boma.