Senya Sindipereka kwa Wosamudziwa

Ku bungwe lathu la alimi a mbatatesi ku Tsangano, rede, netiweki ya intaneti, imabwera pamene yafunira. Ndiye ndinalemba kapulogalamu koti rede ikangooneka, kazithamangira ku seva, kompyuta yakutali yotisungira maimelo, kukatenga mauthenga a ogula. Kasanapereke senya, mawu athu achinsinsi, kankayamba kaona chiphaso cha sevayo kuti katsimikize kuti ndi yeniyeni.

Tsiku lina kanakana chiphasocho. Alamu anga, apulezidenti a bungwe, anaima kumbuyo kwanga akupsa mtima.

"Chotsani zofunsafunsazo, alamu. Kumapiri kuno angatibere ndani?"

"Inu mbatatesi mumakweza m'galimoto ya munthu wosamudziwa?" ndinawayankha. "Senyayi imayenda kutali, sithera kumapiri kuno. Sindichotsa."

Ndinafufuza iwo akung'ung'udza. Ndinapeza kuti magetsi atazima, wotchi ya kompyuta yathu inabwerera zaka zam'mbuyo, choncho chiphaso chabwinobwino chinkaoneka ngati chabodza. Nditakonza tsiku, maimelo analowa.

Mpaka lero alamu amati ndinawachedwetsa ndi makani. Anene. Khola la ng'ombe zawo amatseka okha madzulo aliwonse, kumapiri komweko kopanda akuba.